Malukidwe Obisa Tsaya

Tsaya la mwanayo linayamba kutupa mbali ya kumanzere, m'munsi cha ku nsagwada, ndipo silinkapweteka. Vuto lonse linagona pamenepo. Pakanakhala popweteka mwana akanalira, ndipo mwana akamalira makolo sakhala pansi. Koma chotupachi chinkakula mwakachetechete, mwana akudya, akusewera, akupita kusukulu ngati masiku onse.

Mwanayo anali mtsikana wa zaka khumi. Pasaluni ya amayi ake ankamutcha Wailesi, chifukwa akaweruka kusukulu ankafikira pa kampando ka pakhomo n'kuyamba kuulutsa nkhani za amene wagona m'kalasi ndi amene wabwera ndi nsapato zosiyana. Makasitomala ankati wailesi imeneyi ilibe pozimitsira. Dzinalo linakakamira mpaka amayi ake nawonso anasanduka amake Wailesi.

Saluniyo inali ya chipinda chimodzi. Munali kalilole wamkulu wong'aluka pakona, mipando ya makasitomala, chowumitsira tsitsi cholira ngati chigayo, ndi zingwe zolukira zolendewera pa misomali khoma lonse. Kuseri kwa katani kunali beseni lochapira mitu. Pa nkhani yoluka, amake Wailesi anali katswiri wotheratu. Zala zawo zinkayenda zokha pamutu pa munthu, maso ali kwina. N'chifukwa chake nkhaniyi imandimvetsa chisoni, kuti munthu amene ntchito yake inali kuyang'ana nkhope za anthu tsiku lonse ndi amene anaphunzira kusayang'ana nkhope ya mwana wake.

Amayiwo anakuona kutupako tsiku lina akumupesa.

"Tatembenuka kuno. M'kamwamo wabisa chiyani, siwiti?"

"Mulibe kanthu, amayi."

Anagwira tsayalo. Panali polimba gwa, posatentha.

"Pakupweteka?"

"Ayi."

Pasaluni sipasowa madokotala. Aliyense wokhala pansi pa chowumitsira tsitsi amadziwa matenda onse ndi mankhwala ake omwe. Mayi wina wogulitsa mazira, amene ankabwera kawirikawiri, anasuzumira mutu uli theka kulukidwa.

"Amenewo ndi matsagwidi, asisi. Muzimuthowa ndi kansalu ka madzi ofunda, aphwa okha."

Wina anati ndi dzino likufuna kumera. Winanso anatchula makapisozi amene anathandiza mwana wa mlamu wake. Amake Wailesi anathowa, anagula makapisoziwo, mwana anamwa mpaka kutha. Nyengo ya mvula inabwera n'kupita, koma tsaya silinaphwe. Matsagwidi sakhalitsa choncho, ndipo mumtima mwawo ankadziwa.

Tinene zoona, chimene chinawamanga miyendo sichinali umbuli ayi. Anali mantha. Akulu awo obadwa nawo bere limodzi anapita kuchipatala akuyenda okha, ali ndi chotupa m'mawere. Kumeneko anamva mawu akuti khansa, ndipo sanakhalitse. Kuyambira pamenepo amake Wailesi ankaona ngati matenda amadikira kuti atchulidwe dzina kuti ayambe kupha. Ankaganiza kuti chotupa cha mwana wawo chikapanda kutchulidwa, mwina chidzangochoka chokha.

Kenako kusukulu anzake anayamba kumuseka. Tsiku lina Wailesi anafika n'kukhala pa kampando kake duu, chikwama chili pamiyendo.

"Lero wailesi yathera mabatire?" anafunsa mayi wa mazira uja.

Makasitomala atapita ndi pamene mwanayo anayankhula, maso ali pansi.

"Akuti ndaba bango la aphunzitsi n'kulibisa m'kamwa. Ine mawa sindipita."

Amake Wailesi mtima unawawawa kwambiri, ndipo anachita chimene manja awo ankadziwa. Anamukhazika pakati pa miyendo yawo, n'kuyambira mizere kumanja, kuikhotetsa kudutsa pamwamba pa mutu, kuti zingwe zonse zigwere kumanzere zothinana mpaka paphewa. Kumapeto anaikako mikanda yachitsulo kuti zilemere, mphepo isamaziulutse. Atamaliza, tsaya lija linabisika bwinobwino. Mwana anadziyang'ana pa kalilole n'kumwetulira.

Malukidwe amenewo anatchuka kuposa mmene mwini wake ankaganizira. Ana omwe aja ankaseka anayamba kusirira. Amayi awo ankabwera nawo pasaluni n'kunena kuti, "Mumuluke za Wailesi." Ntchito inachuluka, anthu ankachita kudikirana panja. Panalibe amene ankadziwa kuti luso limenelo linabadwa ndi mantha. Koma nthawi iliyonse yomasula ndi kulukanso mwana wawo, amake Wailesi ankafunika kuwonjezera zingwe ndi kuzisendeza kutsogolo pang'ono. Pakamwa ankati kutupa kukuchepa, pamene zala zawo zinkadziwa kuti kukukula.

Abambo ake a Wailesi anali oyendetsa galimoto yaikulu yonyamula katundu, ndipo pakhomo ankangodutsapo. Atabwera ulendo wina anaona mwana akudya atapendeketsa mutu.

"Amake mwana, uyu bwanji akutafunira mbali imodzi?"

"Ndi matsagwidi aja."

"Omwe aja? Mpaka pano?"

"Akutha pang'onopang'ono. Mwamva kuti akudandaula?"

Bamboyo anayang'ana mwana, anayang'ana mkazi wake, n'kupitiriza kudya.

"Chabwino. Inu ndi amene mumakhala naye."

M'mawa mwake ananyamuka ulendo wina. Naye anasankha kukhulupirira chimene chinali chosavuta kukhulupirira.

Loweruka lina kunabwera mayi wachilendo ndi mwana wake wamkazi. Anati mwanayo wakhala akumuvutitsa kuti akufuna malukidwe ogwera mbali imodzi amene anawaona pamsewu. Pocheza zinadziwika kuti mayiyo ndi namwino wa ku chipatala cha mano.

"Kodi mwini wake wa malukidwewa ali kuti? Ndione kaye mmene amakhalira," anatero anamwinowo.

Wailesi anabwera n'kuima monyadira. Anamwino anakweza zingwezo kuti aone mmene mizere inayambira kuseri kwa khutu, ndipo dzanja lawo linaima m'mwamba momwemo. Anazibweza pang'onopang'ono.

"Zakukhala bwino kwambiri," anamuuza mwanayo.

Sananene kanthu pagulu. Anadikira mpaka mwana wawo atalukidwa, kenako anapempha kuti ayankhule ndi mwini saluni kuseri kwa katani, Wailesi ali pomwepo. Anasamba m'manja pa beseni paja, anayatsa tochi ya pafoni n'kumuuza mwanayo kuti ayasamule. Atayang'ana, anamutuma kuti akacheze ndi mwana wawo uja panja.

"Asisi, mundikhululukire polowerera za m'nyumba mwanu. Kutupaku kunayamba liti?"

"Ndi matsagwidi chabe."

"Matsagwidi amatupa cha kukhutu, ndipo sachedwa kutha. Apa patupa ndi pafupa. M'kamwamo muli dzino laubwana limene likanayenera kuguluka kale, ndipo oyandikana nawo ayamba kupendekeka. Pali chinachake chikuwakankha kuchokera m'kati."

"Koma sichimupweteka."

"Zotupa zambiri za m'nsagwada sizipweteka. N'chifukwa chake anthu amabwera nazo mochedwa."

Amake Wailesi anagwira m'mphepete mwa beseni.

"Ndi khansa, eti? Akulu anga anapita kuchipatala akuyenda okha. Atangowauza dzina la matenda, basi."

"Pepani kwambiri. Koma chipatala sichinawapatse matendawo akulu anu, chinangowapeza atafika kale patali. Ine sindingakuuzeni ndi maso kuti ichi n'chiyani. Ngakhale dokotala sangatero asanajambule fupa ndi kupima. Chimene ndikudziwa n'chakuti zotupa zambiri zotere mwa ana si khansa. Zina zimangokhala thumba la madzi m'kati mwa fupa. Zoopsa ziliponso, ndipo zimenezo zimafuna changu choposa. Kaya ndi ichi kaya ndi icho, kudikira sikuthandiza mwana."

"Nanga ngati si khansa, sichingathe chokha?"

"Sichitha. Chimapitiriza kukula, fupa n'kumapyapyala. Bwerani naye Lolemba, mukandipeza pakhomo la chipatala."

Tsiku lomwelo amake Wailesi anaimbira foni amuna awo. Ulendo uno sanatchule matsagwidi. Bamboyo anapempha mnzake kuti amugwirire ulendo, ndipo Lolemba anapita onse atatu.

Kuchipatala, dokotala atamuona mwanayo anawatumiza kuchipinda chojambulira mafupa. Wojambula anatuluka, anayang'ana mutu wa Wailesi n'kupukusa wake.

"Mayi, mikanda yachitsuloyi iwononga chithunzi. Muichotse yonse, tsitsilo mulimangire kumbuyo."

Amake Wailesi anakhala pa benchi la m'khonde n'kuyamba kuvula mikanda umodzi umodzi, kuika m'dzanja la bamboyo. Atamaliza anasonkhanitsa zingwe zonse n'kuzimanga kunkhongo. Kuwala kwa pawindo kunagwera pankhope ya mwana, ndipo kwa nthawi yoyamba pa miyezi yambiri anaiona yonse, popanda chotchinga. Mbali imodzi inali ya mwana wawo amene ankamudziwa. Mbali inayo inali itakula mpaka kukokera pakamwa pambali. Bamboyo anangoti kukamwa yasa, mikanda ili m'manja.

"Zafika pamenepa?" anafunsa chapansipansi.

Mkazi wake misozi inali ikutsika, ndipo manyazi amene anamva sanali ochitira anthu odutsa m'khondemo, anali ochitira mwana wake.

Makina anazungulira mutu wa Wailesi iye ataluma kapulasitiki, ndipo anatuluka akunena kuti sizinapweteke n'komwe. Dokotala anawaitana n'kuwaonetsa chithunzi pa kompyuta. Mano ankaoneka oyera, ondondozana. Koma kumanzere kunali malo akuda obulungira m'kati mwa fupa, ndipo pansi pake panagona dzino chopingasa.

"Ili ndi dzino lachikulire limene linalephera kutuluka," anatero dokotala akuloza ndi cholembera. "Dzino lililonse lisanamere limakhala m'kathumba. Nthawi zina kathumbako kamadzaza madzi n'kumafufuma, kukankha fupa ndi mano ena. Zikuoneka kuti n'zimene zachitika apa. Koma pali zotupa zina zimene pachithunzi zimaoneka chimodzimodzi, ndiye sitiganizira chabe. Tichotsa kachidutswa kakang'ono kuti akakapime."

Anamubaya Wailesi mankhwala ochititsa dzanzi, anakoka timadzi tachikasu ndi jakisoni, n'kudula kachidutswa kaja. Podikira zotsatira, amake Wailesi ankaluka anthu mutu uli kwina, mpaka kasitomala wina anadandaula kuti mizere yakhota. Chakudya sichinkalowa.

Tsiku lokamva zotsatira litafika, dokotala sanazungulire.

"Si khansa. Ndi thumba la madzi lija ndinkanena, ndipo limachiritsika."

Amake Wailesi anaphimba kumaso ndi manja n'kulira. Amuna awo anapumira m'mwamba. Dokotala anawasiya kaye mpaka mitima itakhala pansi, kenako anapitiriza.

"Koma ndikuuzeni zonse. Thumbali lakula kwambiri. Fupa latsala lopyapyala ngati chigoba cha dzira, moti mwana atagwa kapena kumenyedwa ndi mpira, nsagwada ikhoza kuthyoka. Sitingalichotse lero. Tiyamba taika kapaipi kakang'ono m'kamwa kuti madzi azituluka, thumba lizinyala, fupa lizibwerera. Muzitsuka kapaipiko tsiku lililonse. Pakapita miyezi ndiye tidzachita opaleshoni yochotsa chotsalacho."

"Nanga mano ake?" anafunsa bamboyo.

"Dzino lagona pansilo lapita kutali kwambiri, sindikukhulupirira kuti tingalipulumutse. Loyandikana nalo mizu yake yadyeka. Tiyesetsa, koma mukonzekere kuti awiriwo akhoza kuchoka."

Bamboyo anazunguza chipewa m'manja.

"Adokotala, tikanabwera poyamba paja, zikanatha bwanji?"

"Sindikufuna kukuwonjezerani chisoni, koma mwafunsa. Thumba likakhala laling'ono, kawirikawiri timangozula dzino laubwana, kutsegula kabowo, madzi n'kutuluka. Dzino lachikulire nthawi zambiri limatsata njira yake n'kumera lokha."

Potuluka palibe amene ananena mnzake. Bamboyo anangoti, "Inenso ndinaona, amake mwana. Ndinaona n'kukwera galimoto." Kenako onse anayenda mpaka pokwerera basi.

Miyezi yotsatira inali yolemetsa. Wailesi ankadya zofewa zokhazokha, ndipo anasiya masewera othamangitsana. M'mawa ndi madzulo amayi ake ankamukhazika pa beseni lochapira mitu lija, n'kutsuka kapaipi ndi jakisoni wopanda singano monga anawaphunzitsira anamwino. Poyamba mwana ankalira ndi kukana, koma zala zozolowera kuluka timizere ting'onoting'ono sizinachedwe kuphunzira kugwira mofatsa. Tsiku lililonse lobwerera kuchipatala ankatseka saluni, kaya panja pali anthu angati. Makasitomala ena ananyanyala n'kupita kwina. Amake Wailesi sanadandaule nazo.

Zithunzi zotsatira zinaonetsa malo akuda aja akucheperachepera. Nthawi itakwana, anamugoneka ndi mankhwala n'kuchotsa thumba lonse. Mano awiri aja anachoka nalo limodzi, monga ananenera dokotala. Mlomo wa m'munsi unachita dzanzi kwa kanthawi, kenako unayamba kumva bwinobwino.

Chaka chitatembenuka anapitanso kukajambulitsa. Dokotala anaika chithunzi chakale ndi chatsopano pamodzi.

"Taonani apa. Fupa ladzaza lokha, mafupa a ana sachedwa. Mwana wanu wachira. Muzibwerabe naye tikakuitanani, kuti tizionetsetsa kuti sichikubwerera."

Anathokoza mobwerezabwereza. Nkhope ya Wailesi inali itabwerera mwakale, mbali zonse zofanana, ndipo ankadya chilichonse. Ali m'basi pobwerera, mwanayo anali akuyendetsa lilime pa mpata umene unatsala m'kamwa.

"Amayi, anzanga onse mano awo akaguluka amamera ena. Angawa akuchedwa bwanji? Amera liti?"

Amake Wailesi anayang'ana pawindo. Bodza linali pafupi, losavuta kunena, ndipo mwanayo akanalikhulupirira. Koma anatembenuka n'kumugwira dzanja.

"Amenewo sadzameranso, mwanangu. Anali achikulire kale. Ukadzakula adokotala adzakuikira ena ochita kupanga."

"Chifukwa chiyani anachoka?"

"Chifukwa ndinachedwa kupita nawe kuchipatala. Ndinkachita mantha."

Mwanayo anaganiza pang'ono, lilime likadali pampata paja.

"Koma sizinkapweteka, amayi."

"Ndikudziwa. Tinayenera kupitabe."

Makolo anzanga, mwana ameneyu anachira, ndipo tikuthokoza. Koma mano awiri amene anayenera kudyera moyo wake wonse anapita ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, pa matenda amene anali ochiritsika kuyambira tsiku loyamba. Mukaona nsagwada ya mwana yatupa, dzino lachikulire likuchedwa kumera mbali imodzi, kapena mano ayamba kupendekeka ndi kugwedera popanda chifukwa, pitani naye kuchipatala cha mano akamujambule. Musadikire kuti ayambe kumva kupweteka, ndipo musabise. Zotupa zambiri zotere si khansa, koma wodziwa zoona zake ndi amene wajambula ndi kupima. Mukafulumira, chithandizo chimakhala chaching'ono ndipo mwana amatsala ndi mano ake onse.